Chimfine cha ku 8B

M'kalasi mwanga munali ana 76. Ndikati ana musaganize tiana tating'ono, ena ndevu zinali zitayamba kale kumera. Chiyambire maphunziro aulere mu 2022, desiki ya anthu awiri imakhala anthu atatu, pena anayi, ndipo mwezi wa Juni kukazizira palibe amene amalola kuti windo litsegulidwe. Mmodzi akayetsemula Lolemba, pofika Lachinayi theka la kalasi limakhala likukoka mamina, Lachisanu ndi ine. Aphunzitsi timaseka kuti chimfine ndi mbali ya malipiro athu, chimabwera osachedwa kuposa ndalama zenizenizo.

Mu Juni 2024 kamtsikana ka pa desiki yakutsogolo mu 8B kanandiyetsemulira pa dzanja ndikukaonetsa pamene kanalakwitsa. Ndinapukuta pa chitenje n'kupitiriza. Ndimaphunzitsa sayansi, ndipo sabata yomweyo ndinali nditajambula pa bolodi maselo oyera a m'magazi akumeza tizilombo. Ndinajambula bwino ndithu, ndi choko chamitundu.

Kunyumba kwathu ku Dambwa North timakhala atatu: amama, ine ndi Kondwani, mlongo wanga, mzime wa m'nyumba. Atate, amene anatisiya kale, anachoka ku Katete kudzagwira ntchito ya njanji, ife tonse tinabadwira kuno. Kondwani asanadwale ankanyamula maboti a alendo oyenda pa mafunde a Zambezi. Amene munatsikapo ku Boiling Pot kunsi kwa mathithi mukudziwa njira ija, kuti ngakhale wopanda katundu amafika pamwamba miyendo ikunjenjemera. Iye ankakwera chigwembe cha Batoka ndi katundu pamapewa, madzulo n'kukamenyanso mpira. Nsima yake inali yosawerenga mitanda.

Mu Malichi 2023, ali ndi zaka 24, anatuluka mwanabere m'khosi. Sankapweteka, ndiye tinamunyozera. Kenako kunabwera thukuta la usiku lonyowetsa bulangeti, thalauza n'kuyamba kugwa m'chiuno. Pa kiliniki ina anati ndi TB ya m'khosi, n'kumuyambitsa mankhwala. Sindiwaimba mlandu kwambiri, chifukwa kuno anthu a zizindikiro zimenezi ambiri imakhaladi TB. Koma patatha miyezi iwiri chotupa chinali chitakula ngati dzira. Atadula kachidutswa n'kukayeza, dzina lake linabwera: lymphoma, khansa ya maselo a chitetezo cha thupi, mtundu umene umakula mofulumira koma umamva mankhwala.

Za ulendo wa ku Lusaka sindikamba zambiri. Ku Cancer Diseases Hospital, pafupi ndi UTH, anamulembera mankhwala otchedwa R-CHOP, kasanu ndi kamodzi, kamodzi pa masiku 21 alionse. Zimba, Kalomo, Choma, Monze, Mazabuka, Kafue: ndinaloweza mabampu onse a mu msewu umenewo, ndi malo onse amene basi imaima munthu n'kutsika kukasanza. Tsitsi linathothoka, linameranso. Mu Novembala anamaliza, ndipo chithunzi cha makina chinaonetsa kuti zotupa zapita. Amama analuluta m'khonde la chipatala mpaka anesi anatuluka kudzaona. Titafika kunyumba tinapha nkhuku ziwiri.

Ife tinati nkhondo yatha. Adokotala anali atanena kuti tizisamalabe, koma mawu oti "tizisamalabe" amamveka ngati moni wotsanzikana.

Mu Januwale 2024 kolera inavuta, makamaka ku Lusaka, mpaka bwalo la Heroes linasanduka chipatala, ndipo masukulu m'dziko lonse sanatsegulidwe kufikira pa 12 Febuluwale. Nthawi imeneyo kusamala kunali kosavuta, chifukwa aliyense ankasamala. Pa geti iliyonse panali ndowa ndi sopo, anthu ankapatsana moni ndi zigongono. Kondwani anapita ku Lusaka kukaonedwa atanyamula madzi ake owiritsa, anabwerako bwinobwino. Vuto linayamba kolera itapita, anthu atabwerera ku moyo wawo.

Kumapeto kwa Febuluwale mphuno zinatseka, mutu kupweteka pamwamba pa maso, mamina obiriwira osatha. Anamwa mankhwala, zinachepa. Mu Epulo chibayo, anagona m'chipatala masiku atatu. Mu Meyi khutu linatuluka mafinya. Nthawi zonse akayeza magazi ankati maselo oyera ali bwino, magazi ndi okwanira. Ine mtima unkangoti khansa yabwerera, koma sindinkanena. Iyenso, ndinadzamva pambuyo pake, usiku ankadzipapasa m'khosi ndi m'khwapa ali chete.

Ndiyeno chimfine cha ku 8B chija. Ine chinandigwira Lachisanu, Lamlungu ndinali nditachira, ndinaimba ndi kwaya. Kondwani anayamba kutsokomola Lachiwiri. Lachinayi usiku malaiti kunalibe, monga zinalili pafupifupi tsiku lililonse chaka chimenecho madzi atachepa ku Kariba. Ndinamva kupuma kwake ndili kuchipinda kwanga, khoma lili pakati. Ndinaunika themometa ndi tochi ya foni: 39.4. Milomo inali itachita mbuu.

"Ba sisi, nili che bwino, tizayenda mailo," anatero.

Sindinamuyankhe. Ndinakagogoda kwa aneba a takisi ndili ndi chitenje chokha. Ku chipatala chachikulu cha Livingstone anamuika pa mpweya ndi dripu usiku womwewo, ndipo anakhalako masiku asanu ndi limodzi. Tsiku lachiwiri ndinakhala pa benchi panja pa wodi, ndikuwerenga masiku chobwerera m'mbuyo, Lachiwiri, Lamlungu, Lachisanu, mpaka ndinafika pa desiki yakutsogolo ija. Munthu ukhoza kudziuza kuti chimfine chili paliponse, pa minibasi, pa msika wa Maramba, kutchalitchi. Koma ndinkadziwa amene anadya naye m'mbale imodzi ya ndiwo Loweruka.

Dokotala wina wachitsikana, ndikuganiza wamng'ono kwa ine, ndiye anatenga fayilo yonse n'kuyiwerenga kuyambira kumayambiriro. Anati chibayo chachiwiri pa miyezi itatu kwa mnyamata wa msinkhu uwu si tsoka chabe. Anafunsa ngati pa mankhwala ake panali rituximab. Ndinati eya, ndiye R uja. Anati tiyeze maantibodi. Magazi anatumizidwa ku Lusaka, tinalipira tokha, ndipo tinadikira masabata awiri.

Apa ndiloleni ndikhale mphunzitsi pang'ono, chifukwa zimene anandifotokozera ine ndinkaziphunzitsa mwa theka.

M'magazi muli maselo oyera amitundumitundu. Ena ndi omenya nkhondo ndi manja, amameza kachilombo kalikonse kamene akapeza. Amenewa ndi amene amatsika sabata imodzi kapena ziwiri munthu akalandira mankhwala a khansa, n'kukweranso, ndipo ndi amene amawerengedwa pa kuyeza magazi kwa masiku onse. Koma palinso maselo a B. Awa ntchito yawo ndi kuzindikira mdani ndi kumukumbukira. Akakhwima amapanga maantibodi, tinthu tating'onoting'ono timene timakakamira pa kachilombo ngati chidindo, kuti omeza aja akaone msanga. Kachilombo kalikonse kali ndi antibodi yakeyake. Katemera amene munabayidwa muli khanda, chikuku chimene munadwala muli Giredi 2, zonsezo thupi limasunga m'njira imeneyi. Pali mabakiteriya ena, monga amene amayambitsa chibayo ndi matenda a m'makutu, ovala chikhoto choterera. Popanda chidindo chija omeza amalephera kuwagwira bwino, amangopulumuka m'manja ngati mlamba.

Khansa ya Kondwani inali ya maselo a B omwewo. Rituximab, mankhwala amene anayamba kugwiritsidwa ntchito ku America mu 1997, amasaka chizindikiro chotchedwa CD20 chimene chili pa khungu la maselo a B. Sasankha kuti ili ndi la khansa, ili ndi labwino, amasesa onse. Ndi mmene amachiritsira. Maselo okhwima amene akupanga kale maantibodi alibe chizindikirocho, choncho amatsala n'kumagwirabe ntchito, n'chifukwa chake vuto silionekera pomwepo. Limabwera mochedwa, akale akamatha olowa m'malo kulibe. Kwa anthu ambiri maselo a B amabwerera pakatha miyezi isanu ndi umodzi kufikira chaka, ndipo sadwaladwala. Kwa ena amachedwa. Matendawo pa okha amathanso kutsitsa maantibodi, chimodzimodzi prednisolone amene ali m'gulu la mankhwala aja.

Antibodi yochuluka kwambiri m'magazi imatchedwa IgG. Kwa munthu wamkulu imakhala pakati pa magalamu 7 ndi 16 pa lita imodzi. Pepala la Kondwani linati 3.4.

Ndinaliyang'ana nthawi yaitali. Zinali ngati sukulu imene ana onse alipo, aphunzitsi alipo, koma kaundula wapsa, palibe akudziwa kuti wolowa pa geti uyu ndi wathu kapena wakuba. Ndipo chodabwitsa, ndinamva kupepukidwa. Sinali khansa. Kondwani atamva anaseka mpaka anatsokomola.

Amama anafunsa funso limene ine ndi digiri yanga ya ku UNZA sindinaliganize. Dokotala anali atanena kuti mwana akakhala m'mimba amalandira IgG kuchokera kwa mayi ake kudzera m'nsengwa, ndipo imamuteteza miyezi yoyamba asanayambe kupanga yake. Amama anatambasula mkono pa tebulo.

"Ndinamupatsa kale kamodzi. Chotsani yina mumupatse."

Dokotala sanaseke. Anati amama, zimene mwanenazo zilipodi, koma sizichokera kwa munthu mmodzi. Amasonkhanitsa madzi a m'magazi a anthu masauzande, amasefamo maantibodi, n'kumupatsa wodwala pa dripu. Koma za eni sizikhalitsa, theka limatha pa masabata atatu, ndiye pamafunika dripu ina mwezi uliwonse. Atatiuza mtengo wa botolo limodzi ndinawerengera m'mutu malipiro anga, n'kusiyira pakati. Anati si aliyense wa nambala yotsika amene amafunika dripuyo, amayang'ana kaye ngati matenda akubwererabwerera ngakhale munthu akumwa mankhwala oteteza. Atagwirizana ndi a ku Lusaka, anamuyambitsa Septrin tsiku lililonse. Anatiuzanso kuti thupi likangotentha kufika 38 tisadikire kuti kuche, tisagule mankhwala pa kantemba, tibwere. Katemera wa tizilombo tamoyo tofooketsedwa, monga wa chikuku kapena wa yellow fever, asabayidwe popanda kufunsa. Akatemera ena alibe ngozi, koma sagwira bwino maselo a B asanabwerere. Ndipo anandiyang'ana ine n'kunena kuti a m'nyumba ndi amene ayenera kukhala katemera wake.

Septrin ndiye anatibweretsera nkhani ina. Mu komboni aliyense amadziwa amene amamwa Septrin tsiku lililonse. Onjezani kuonda, kugona m'chipatala, ndi mawu oti "masoja ake achepa," amene amama anauza mnzawo mmodzi kutchalitchi mosaganiza kanthu. Kuno masoja ndi CD4, basi. Pasanathe sabata, Dambwa North yense anali atamuyeza Kondwani n'kumupeza nako. Mtsikana amene ankabwera kudzamuona anasiya kubwera.

Ndinakwiya, ndipo ndinachita chinthu chimene ndimachita nacho manyazi. Ndinayamba kulengeza. Pa mpopi, pa shopu, mu ofesi ya aphunzitsi: alibe kachilombo, anayezetsa katatu, ndi khansa chabe. Ndinkanena mokweza, ngati ndikuchapa dzina la banja. Tsiku lina bamake Mutinta, a nyumba yachitatu kuchokera kwathu, amene akhala akumwa ma ARV poyera zaka zambiri ndipo amalangiza anzawo ku kiliniki, anandiimitsa ndili ndi ndowa pamutu.

"Ba teacher, mukamakamba ati alibe, alibe, ise bamene tili nako mutiika pati?"

Ndinalibe yankho. Ndinaima pamenepo madzi akundidonthera m'khosi. Iwo sanadikire kupepesa kwanga, madzulo omwewo anabwera kunyumba n'kukhala pa mpando wa atate. Pa anthu onse amene anatipatsa malangizo, a mapemphero, a mizu, a madzi a mandimu ndi adyo, iwo okha ndi amene ankadziwa kukhala ndi thupi lotere tsiku ndi tsiku. Anati siyani kusamba m'manja m'beseni imodzi, muzithirirana ndi jagi. Anati mbaula isalowe m'nyumba ngakhale kuzizire bwanji, utsi wa malasha umakanda chifuwa. Anamuuza Kondwani kuti Septrin azimwa ndi madzi ambiri, ndipo akaona zilonda m'kamwa kapena zotupa pakhungu athamange kuchipatala. Za mtsikana uja anati amusiye, wadzichotsa yekha. Kuyambira tsiku lija ndikafunsidwa ndimangoti akuchira, zikomo.

Koma ine ndikagwira chinthu ndimagwiritsa. Nyumba ndinaisandutsa kalasi ya mayeso. Ndinamata malamulo pa chitseko cha firiji. Alendo azikhala panja. Wa chifuwa asalowe. Azimayi a kutchalitchi atabwera asanu ndi atatu kudzapemphera, ndinawaika pansi pa mtengo wa mango n'kumutulutsa Kondwani atavala masiki, atakhala patali ngati mkaidi. Amama sanandilankhule masiku awiri. Kwathu kuona wodwala ndi kumugwira dzanja, kukhala naye pa mphasa, kudya naye. Mlendo wobwezedwa pakhomo amapita ndi nkhani. Ndinkadziwa zimenezo, koma m'makutu mwanga munali kupuma kuja kwa kuseri kwa khoma.

Mu Ogasiti mnzake wa Kondwani, amene ankanyamula naye maboti, anamwalira pa ngozi ya galimoto. Maliro anali ku Libuyu. Mukudziwa mmene nyumba ya maliro imakhalira: azimayi odzaza m'chipinda mawindo otseka, azibambo panja mozungulira moto usiku wonse, fumbi, chifuwa, kapu imodzi ya madzi kuzungulira anthu khumi. Ndinati sapita. Ndinaima pakhomo penipeni.

Sanakweze mawu. Anakhala pa bedi akumanga zingwe za nsapato.

"Ba sisi, uja ananinyamula pamusana kuchoka pa basi pamene nenze kulephera kuyenda. Munanipoletsa kuti nizinkhala monga mbuzi yomangilila?"

Ndinamuuza za 3.4. Anati nambalayo akuidziwa, ndi yake. Anati adokotala anamuuza kuti asamale, sanamuuze kuti afe ali moyo. Kenako ananena chimene chinandilasa: kuti chibayo cha mu Juni sanachitenge ku maliro kapena ku mpira, anachitenga atakhala m'nyumba momwemo. Sanatchule dzina langa. Anangonyamula jekete.

Tinapita limodzi. Sanagone kumeneko. Anafika m'mawa, anapepesa amayi a malemu atagwada pakhomo osalowa m'chipinda, masiki ali kumaso, botolo lake la madzi lili m'thumba. Kumanda anaima chakumphepo, ndipo anzake atayamba kukwirira anatenga fosholo n'kuponya dothi katatu. Ine ndinali kumbuyo ndi sanitaiza m'manja ngati wapolisi. Masiku asanu otsatira ndinkamuyeza thupi m'mawa ndi madzulo mpaka anandibisira themometa. Sanadwale. Sindikunena kuti ndiye kuti ine ndinalakwa, akanatha kudwala. Koma malamulo a pa firiji ndinawachotsa, ndipo amene tinatsala nawo tinapangana tonse atatu titakhala pansi. Ambiri mwa iwo akukhudza ine, osati iye.

Ndikamva kukhosi kukanda, ndimavala masiki m'nyumba ndipo ndimadyera kuchipinda. Kusukulu ndinamenya nkhondo ya mawindo mpaka ndinapambana. A 8B ankanditcha Madam Mphepo, akuganiza kuti sindikumva. Ndinagula ndowa ya mpopi ndi ndalama zanga n'kuiika pakhomo pa kalasi. Mutu wa chitetezo cha thupi tsopano ndimauphunzitsa masiku atatu m'malo mwa limodzi, ndipo ndikafunsa kuti ndani ali ndi wodwala kunyumba amene chimfine chingamugoneke m'chipatala, manja amakwera ambiri kuposa mmene ndinkaganizira. Agogo, khanda, amalume a TB, amayi a shuga. Kamtsikana ka pa desiki yakutsogolo kaja nakonso kanakweza. Sikadziwa chilichonse za nkhaniyi, ndipo sikadzadziwa.

Mu Febuluwale 2025 tinayezanso: 5.1. Sinafike, koma ikukwera. Chibayo sichinabwerenso, khutu lokha linavutapo kamodzi. Ku chigwembe sanabwerere kukanyamula, mapapo sanalole, koma anamupatsa ntchito pamwamba, yowerenga zipewa ndi majekete a alendo ndi kukweza katundu m'galimoto. Amadandaula kuti ndi ntchito ya nkhalamba. Nsima wayambanso kusawerenga.

Ndikaweruka sindilowa m'nyumba mwachindunji. Kuseri kuli dramu la madzi ndi chingwe chimene ndimapachikapo malaya a kusukulu. Dzulo ndinamupeza atakhala pa njerwa pafupi ndi dramulo akusenda mango, sopo atandiikira kale pa mwala.

"Bangati lelo?" anafunsa.

"Asanu ndi mmodzi. Awiri chifuwa, anayi mamina."

"Na imwe?"

Ndinameza malovu kuti ndimve kukhosi. Kunalibe kanthu. Ananyamula jagi n'kuyamba kundithirira madzi m'manja.